Nkhope za Jamini Roy: pomwe tafika poyeserera utoto wake ndi mizere yake

Zomwe tikupanga

Ntchito yomwe tili nayo ndi yokonza zithunzi 12 zophunzitsira, zotsata kapentedwe ka Jamini Roy, mmisiri wopenta zithunzi wa ku Bengal, ku India, amene adabadwa pa 11 Epulo 1887 m'mudzi wa Beliatore, m'boma la Bankura, n'kumwalira ku Calcutta pa 24 Epulo 1972. Chilichonse n'chachikulu masentimita 40 m'litali ndi 28 m'lifupi, ndipo pa chilichonse pali nkhope imodzi kapena ziwiri: mayi ndi mwana, mkazi wa mtundu wa Santhal, mwamuna woimba ng'oma. Sitikukopera chithunzi chake chilichonse mzere ndi mzere. Tikufuna kudziwa ndi manja chomwe chimapangitsa nkhope zake kuoneka momwe zimaonekeramo, ndipo zimenezo sizidziwika pongoyang'ana zithunzi pa foni.

Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse tikulemba ndi inki yosafufutika kuti n'chophunzirira, ndipo kutsogolo sitikuikako dzina la munthu. Roy ankasaina m'zilembo za Chibengali, kawirikawiri ndi utoto wofiira pangodya ya m'munsi kudzanja lamanja, ndipo siginecha imeneyi yakhala ikuberedwa kwambiri. Zithunzi zabodza za dzina lake zilipo zambiri. Kuyambira 1976 boma la India limawerengera ntchito zake ngati chuma cha dziko chosaloledwa kugulitsidwa kunja, motero chinthu chofanana nazo sichiyenera kuyenda chopanda chizindikiro.

Pakadali pano guluu watheka, popentapo patheka, ndipo mwa mitundu 7 ya utoto isanu ikugwira bwino. Wobiriwira ndi wofiira wowala sitinakhutire nayo. Mzere wa tsaya ukubwera. Maso ndiye akadali kutivuta.

Tidayambira pa zithunzi zomwe iye adazisiya

Roy adalowa sukulu ya boma ya zojambula ku Calcutta mu 1903 ali ndi zaka 16. Kumeneko adaphunzira kapentedwe ka ku Ulaya: penti ya mafuta pansalu yokungidwa pa felemu, kuwala kuchokera mbali imodzi, mthunzi pansi pa mphuno ndi pachibwano. Atamaliza ankadya za lusoli, kupenta nkhope za anthu omulipira, nthawi zina kuchokera pa zithunzi za kamera. Ankapentanso malo, misewu ndi nyumba, ndi madontho a penti okhuthala monga ankachitira amisiri a ku France. M'zaka za m'ma 1920 ndi pomwe adatembenuka, kuyamba ndi zithunzi za anthu a Santhal, mpaka kusiyiratu kudalira penti ya mafuta pa ntchito yomwe amadziwika nayo lero.

Chithunzi chathu choyamba tidachipenta dala m'njira yakaleyo, ndi penti ya mafuta, kuti chiziima pambali pa zinazo. Kusiyana kwake kumaoneka pa ntchito yeniyeniyo. Penti ya mafuta imakhala yonyowa tsiku lonse, ndiye ukhoza kuikankha, kuisakaniza pansalu pomwepo, kuchotsa tsaya n'kuikanso lina mpaka nkhope ifanane ndi mwini wake. Utoto wa dothi wosungunulidwa ndi guluu wa madzi umauma m'mphindi zochepa, ndipo ukaubwereza ndi burashi yonyowa umanyamula wapansi uja. Sulola kusisita mthunzi. Munthu amene wasankha utoto umenewu wasankhiratu kuti nkhope izimangidwa ndi mtundu umodzi wosalala ndi mzere wokokedwa kamodzi. Ambiri olemba za Roy amayamba ndi maganizo ake pa za ufulu wa dziko ndi kukana za atsamunda, ndipo n'zoona kuti nthawiyo nkhani imeneyi inali ponseponse ku Bengal. Koma ife taona kuti zambiri za maonekedwe a nkhope zake zimachokera m'mbale ya utoto momwemo.

Guluu wa nthanga za bwemba

Amisiri a m'midzi ya ku Bengal amagwiritsa ntchito zomatira zingapo: utomoni wa chipatso cha bel, dzira, ndi nthanga za bwemba. Roy amadziwika kuti ankagwiritsa ntchito bwemba, nthawi zina choyera cha dzira. Ku Bishnupur, m'boma lomwelo la Bankura, opanga makhadi ozungulira a masewera otchedwa dashavatar amamata nsalu zingapo pamodzi ndi guluu yemweyu mpaka ziume gwa. Bwemba ndi yemweyo amene timamudziwa, ndiye nthanga sizinavute kupeza.

Kakonzedwe kamene takhazikika nako ndi aka. Nthanga zotsuka ndi zouma timazikazinga m'phale pamoto wochepa kwa mphindi 10 mpaka 15, tikutakasa osaleka, kufikira khungu lofiirira lija litayamba kuthetheka. Zikadali zotentha timazisinja pang'ono mumtondo kuti khungu lisupuke, kenako kupeta. Pa magalamu 100 a nthanga pamatsala mitima yoyera yokwana pafupifupi magalamu 70. Khungu lichoke lonse. Kachidutswa kakatsala kamatulutsa mtundu wa tiyi, ndipo choko yense yemwe wasakanizidwa ndi guluu wotero amatuwa. Moto ukachuluka mitima imapsa n'kufiira, guluu wake amada komanso sagwira mwamphamvu.

Mitima yoyerayo ndi yolimba zedi, siiphwanyika bwino youma. Timaiviika m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kuipera pamphero mpaka isalale. Tikafuna kusunga, timaiyanika titapera, n'kusefa ufa wake pa kansalu.

Pophika, magalamu 60 a ufa amalowa mu lita imodzi ya madzi. Ufa uyambe wasungunulidwa m'madzi ozizira pang'ono, apo ayi umachita mibulu ngati phala lothiridwa ufa madzi atawira kale, ndipo mibuluyo siisungunukanso. Timaphika pamoto wochepa kwa mphindi 25, kutakasa mpaka pansi, osalola kuti abwadamuke. Akapsa amasiya kuoneka ngati mkaka, amayamba kuonekera mkati pang'ono, ndipo ukakweza mthiko amatsika ngati ulusi. Timasefa akadali wotentha pa nsalu yopyapyala. Ameneyu ndiye guluu wokhuthala, wa popentapo. Wosakanizira utoto timamuchepetsa mphamvu ndi madzi ofanana naye muyeso.

Vuto lake lalikulu ndi kusasa. Kunja kukatentha amayamba kununkha tsiku lachiwiri, amasanduka madzi, ndipo mphamvu yomata imatha ngakhale akuoneka ngati alibwino. Utoto wosakanizidwa ndi guluu wosasa umagwira poyamba, koma ukauma umayoyoka ukangoupukuta ndi chala. M'firiji amakhala masiku atatu kapena anayi. Madontho atatu a mafuta a kulovu pa theka la lita amachedwetsa chuku, koma sabweza guluu amene wasasa kale. Tsopano tikuphika kotala la lita basi pa nthawi imodzi. Mphemvu zimamukondanso guluyu, motero zithunzi zouma sizigona poyera.

Popentapo

Roy ankapenta pa zinthu zotchipa: katoni, matabwa, nsalu yolukidwa pamanja yomatidwa dothi, mikeka, ndiponso timizere ta katoni tolukanalukana. Tayesa zitatu mwa izi.

Katoni yokhuthala mamilimita atatu ndiyo yosavuta. Koma ikapakidwa mbali imodzi yokha imapindika, chifukwa guluu akamauma amakoka. Mankhwala ake ndi kupaka mbali zonse ziwiri muyeso wofanana, n'kuitsendereza ndi mabuku ikangosiya kunata.

Nsalu ndiyo yatipatsa zabwino koposa. Timatenga nsalu yakale ya thonje, yochapidwa kambirimbiri kotero kuti mulibenso sitachi ya kufakitale, n'kumata ziwiri pamodzi ndi guluu wokhuthala pa thabwa losalala, kusisita kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke. Ikauma timapaka choko: magalamu 100 a choko wosefa mu mamililita 150 a guluu. Timapaka katatu mopyapyala, koyamba chopingasa, kachiwiri choimirira, kachitatu chopingasanso, ndipo kupaka kulikonse kumadikira kuti kwapansi kuume. Kupaka kamodzi kochindikala kumang'aluka ngati nsalu yapindidwa pang'ono. Pomaliza timakwecha ndi mwala wosalala wa kumtsinje kapena pansi pa botolo. Tisapitirire muyeso pokwecha: pakawala kwambiri utoto umaterereka, suluma.

Laimu wa nyumba sangalowe m'malo mwa choko. Ndi waukali, amasintha mitundu ina, ndipo amawononga guluu.

Mkeka ndi nkhani ina. Utoto umalowa m'mipata ya zolukazo, ndipo mzere umadukaduka podutsa pamwamba pake, kotero chithunzi chimaoneka ngati chopangidwa ndi timiyala tating'onoting'ono. Roy adagwiritsa ntchito maonekedwe oterewa pa zina mwa nkhope za Khristu zomwe adapenta m'ma 1940. Pa mkeka burashi iyenera kukhala yokulirapo ndipo utoto ukhale wokhuthala. Mlaza watsopano uli ndi khungu losalala lomwe limakana madzi, ndiye timayamba taukwecha ndi sandipepa, kenako kupaka guluu kawiri choko asanafike.

Dziko la Bankura lili mu utoto

Pa zithunzi zomwe Roy amadziwika nazo, kumbuyo kwa munthu kulibe phiri, mtsinje kapena thambo. Kuli mtundu umodzi wosalala, mwina ndi duwa kapena kanthambi, ndi mkombero wochindikala kuzungulira. Wina akhoza kuganiza kuti malo adawataya pomwe adasiya penti ya mafuta. Ife sitikuona choncho. Bankura ili m'chigawo cha Rarh, kumadzulo kwa Bengal, dziko louma la dothi lofiira la katondo ndi nkhalango za mitengo ya sal, komwe kumadutsa mitsinje ya Damodar kumpoto ndi Dwarakeswar ndi Kangsabati chakumwera. Nyumba zake ndi zadothi, zozira ndi dothi. Ku Bishnupur mafumu a Malla adamanga akachisi a njerwa okutidwa ndi zithunzi za dothi lootcha: Shyam Rai mu 1643, Jor Bangla mu 1655, Madan Mohan mu 1694. Ku Panchmura oumba amaumba akavalo a makosi aatali ndi makutu osongoka. Zonsezi ndi zofiira za dothi limodzi, ndipo kufiira kumeneko ndi komwe kuli kumbuyo kwa nkhope zambiri za Roy. Malowo adachoka kumbuyo kwa munthu n'kulowa mu utoto weniweniwo.

Zithunzi za pa akachisiwo zatithandizanso pa kaimidwe ka anthu. Njerwa iliyonse ndi kabokosi, ndipo munthu wojambulidwayo amadzaza kabokosiko mpaka mutu kugunda pamwamba. Oimba ndi ovina amandandalikidwa mumzere, onse msinkhu umodzi. Roy amachita chimodzimodzi: mutu umakhudza mkombero, phewa limadulidwa ndi mkombero. Pa zithunzi zathu zomwe tidasiya mpata waukulu pamwamba pa mutu, nkhope idaoneka yaing'ono ndi yosungulumwa. Tsopano mpata umenewo sukupitirira sentimita imodzi.

Mitundu yomwe imatchulidwa kawirikawiri kuti ndiyo ankagwiritsa ntchito ilipo 7: wofiira wa dothi, wachikasu, wobiriwira, wofiira wowala, wotuwa, wabuluu ndi woyera, kuwonjezera mwaye wa mizere.

Wofiira wa dothi tikuutenga ku katondo. Dothi la makilogalamu awiri timaliviika mu ndowa ya malita 10, kuliphwanya ndi manja, kutakasa mwamphamvu, n'kudikira mphindi imodzi kuti mchenga utsike. Madzi ofiira apamwamba timawatsanulira mu ndowa ina kudzera pa nsalu. Amenewo amagona usiku wonse. M'mawa madzi oyera timawakhuthula pang'onopang'ono, ndipo matope osalala otsala pansi ndiwo utoto. Tikabwereza kachiwiri amasalala kwambiri. Kuyesa kwake n'kosavuta: kadontho pakati pa zikhadabo ziwiri kasamveke mchenga. Katondo wokhala ndi dongo lambiri amanata ndipo amang'aluka pouma. Ameneyo timamusakaniza ndi choko pang'ono, gawo limodzi pa magawo asanu.

Wachikasu wa dothi amakonzedwa chimodzimodzi. Akawotchedwa m'phale pa makala amasanduka wofiira, chifukwa chitsulo cha m'dothimo chimataya madzi ake chikatentha kufika madigiri pafupifupi 300. Izi zatipatsa wofiira wachiwiri, wofunda kuposa katondo, woyenera milomo ndi m'mphepete mwa nsalu. Wotuwa ndi matope a pansi pa mtsinje, osefa bwino ndi kuyanikidwa kuti zoola za m'menemo zisanunkhe. Woyera ndi choko.

Mwaye timautchera pa mbale yachitsulo yovundikira pamwamba pa lawi la nyali, masentimita atatu kuchokera pa lawi, n'kuupala ndi kapepala kolimba. Uli ndi mafuta, ndiye umayandama pamadzi osalowa. Madontho awiri a spiriti amaunyowetsa, kenako umalandira guluu. Makala osinja sangafanane nawo: ndi okhakhala ndipo mzere wake umatuwa.

Wabuluu ndi indigo, chomera chomwe Bengal idalima kwambiri m'nthawi ya atsamunda, mpaka alimi a ku Nadia adaukira eni mafakitale mu 1859 pokana kukakamizidwa kuchilima. Indigo ndi wopepuka ndi wamphamvu. Payekha amaoneka wakuda. Buluu wake amatuluka akasakanizidwa ndi choko, gawo limodzi pa magawo anayi kapena asanu. Amafuna kuperedwa nthawi yaitali pagalasi, apo ayi timibulu take timaphulika pansi pa burashi n'kusiya mikwasa. Pa chithunzi chake cha akazi atatu opita kukapembedza, nsalu za buluu ameneyu zazinga nkhope zachikasu, ndipo mphamvu yonse ya chithunzicho ili pa kugundana kwa mitundu iwiriyi.

Iwiri yotsalayo ndiyo yovuta, ndipo chifukwa chake ndi poizoni. Wachikasu wowala wa amisiri a ku India, hartal, uli ndi aseniki. Wofiira wowala, hingul, uli ndi mekyule. Sitikupera chilichonse mwa ziwirizi m'chipinda chophunzitsira. Koma wobiriwira wachikale amapangidwa posakaniza hartal ndi indigo, ndipo dothi lachikasu likalowa m'malo mwake wobiriwira amatuluka wakuda, wa tsamba lofota. Tayesa ufa wa chikasu chophikira: umawala bwino tsiku loyamba, koma umasuluka padzuwa m'masabata ochepa, ndipo ukakhudzana ndi chilichonse chaukali ngati laimu umafiira. Pa wobiriwira ndi wofiira wowala tigula ufa wa utoto wa masiku ano wopanda poizoni, n'kuusakaniza ndi guluu wathu yemweyu, ndipo tidzalemba kumbuyo kwa chithunzi kuti tatero.

Muyeso wa guluu mu utoto sufanana pa mitundu yonse. Poyambira ndi supuni imodzi ya utoto wonyowa pa supuni imodzi ya guluu wochepetsedwa mphamvu. Mwaye ndi indigo zimamwa wambiri, katondo amafuna wochepa. Tisanapente timapaka kachigamba pa katoni, kuumitsa, n'kupukuta ndi thonje louma. Thonje likatenga mtundu, guluu wachepa. Kachigambako kakawala kapena kukanganuka m'mphepete, wachuluka. Utoto wabwino umauma wosawala, wooneka ngati khoma lozira. Ndipo mitundu yonse imayera ikauma, makamaka yokhala ndi choko, motero mtundu wa khungu la munthu usaweruzidwe uli wonyowa.

Mzere

Mzere wa Roy uli ndi kholo lodziwika. M'zaka za m'ma 1800, pafupi ndi kachisi wa mulungu wamkazi Kali ku Kalighat, mu Calcutta, amisiri ochokera kumidzi ankapenta zithunzi pa mapepala otchipa a kufakitale n'kumagulitsa kwa odzapembedza: milungu, akazi a m'tauni, mabwana odzikonda, mphaka atagwira nsomba kukamwa. Ankapenta mothamanga chifukwa mtengo unali wotsika, ndipo kuthamangako kudabala mzere umodzi wautali, wokhota, wochindikala pakati ndi wosongoka kothera. Makina osindikizira zithunzi atafala, lusoli lidazilala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Zambiri mwa zithunzizi zikusungidwa ku Victoria and Albert Museum ku London. Roy adatenga mzere umenewu, ndipo iye mwini ankakonda kudzitcha patua, dzina la amisiri a m'midzi openta nsalu zazitali zokulunga zomwe amazifunyulula akuimba nkhani yake.

Pali chimodzi chomwe adachisiya. Amisiri a ku Kalighat ankaika mthunzi wopepuka m'mphepete mwa mkono kapena tsaya, ndi burashi yonyowa, kuti thupi lioneke lodzaza. Pa ntchito zake zokhwima Roy adauchotsa, n'kusiya mzere wokha kuti unyamule thupi. Apa ndi pomwe pali ntchito. Ngati mzere wa tsaya uli wofanana kunenepa kuyambira pamwamba mpaka pansi, nkhope imaphwatalala. Ukayamba wowonda pachipumi, n'kunenepa potsika patsaya, n'kuwondanso pachibwano, tsaya limatukuka lokha popanda mthunzi uliwonse.

Kuti zimenezi zitheke, chithunzi chigone pansi kapena pa tebulo lalifupi, osati choimika. Burashi ikhale ya ubweya wofewa wautali, masentimita awiri ndi theka kapena atatu, yosunga utoto wokwanira mzere wonse. Ya ubweya waufupi imauma pakati pa tsaya, ndipo polumikiza pamaoneka. Dzanja ligwire burashi chapamwamba, chigongono chisatsamire, ndipo mzere ukokedwe kubwera kwa wopenta. Kunenepa kwa mzere kumachokera pa kutsindika, osati pa kubwereza. Mwaye wa mzere ukhale wamadzi kuposa utoto wodzazira, woti udonthe pa burashi ukaigwedeza kamodzi.

Ndondomeko yomwe ikutiyendera ndi iyi: kulemba chithunzi mopepuka ndi utoto wofiira wamadzi, kudzaza kumbuyo, kudzaza khungu, kudzaza nsalu, kudikira kuti ziume kwathunthu, kenako mzere wakuda. Mzere wokokedwa pa utoto wosauma bwino umanyamula wapansi n'kuchita matope. Pa zithunzi zambiri za Roy pambali pa mzere wakuda pamayenda mzere wina wowala, kapena kampata komwe mtundu wapansi ukuonekera. Tikasiya kampata ka mamilimita awiri pakati pa khungu ndi nsalu, mitundu iwiriyo siidyana, ndipo chithunzi chimapuma. Madontho oyera a mikanda ndi maluwa a m'mphepete mwa nsalu amabwera pomaliza, ndi choko wokhuthala. Amakumbutsa alpana, zojambula zomwe akazi a ku Bengal amalemba pansi ndi madzi a mpunga wopera pa masiku a chikondwerero.

Maso

Nkhope ya Roy ili ndi zinthu zochepa. Mutu ndi wobulungira ngati dzira, mphuno ndi mizere iwiri yotsika kuchokera ku nsidze kapena umodzi wokha, pakamwa ndi pang'ono kwambiri, khosi ndi lochindikala. Maso ndiwo atenga malo: aatali, osongoka mbali zonse ziwiri, oyambira pafupi ndi mphuno mpaka kukagunda mzere wa nkhope, nthawi zina kuudumpha. Pa nkhope yathu yotambalala masentimita 14, diso lililonse likutenga masentimita asanu ndi theka kapena asanu ndi limodzi m'litali, ndipo kutseguka kwake sikufika masentimita awiri.

Ku Bengal kupenta diso si ntchito wamba. Oumba zifaniziro za mulungu wamkazi Durga ku Kumartuli, dera la oumba mu Calcutta, amapenta maso mwamwambo, ndipo anthu amati pamenepo ndi pomwe chifanizirocho chimalandira moyo. Pakati pa a Santhal pali amisiri otchedwa jadu patua amene amafika pakhomo pomwe pagwa maliro atanyamula chithunzi cha malemuyo chopanda mwana wa diso. Abale akapereka mphatso, mmisiri amadontheza kadontho kakudako, kuti womwalirayo aone njira kumene wapita. Chithunzi chotero sichifanana ndi malemuyo ngati cha kamera; chimakhala iyeyo chifukwa chatchulidwa dzina lake ndi kupatsidwa maso. Roy adachoka ku nkhope zofanana ndi wolipira n'kupita ku nkhope za mtundu umenewu. Mayi wa pa zithunzi zake ndi mayi aliyense wa m'mudzi, ndipo Khristu wake, Krishna wake (mulungu wa Ahindu) ndi mlimi wake wa Santhal ali ndi maso amodzimodzi.

Zomwe zikulakwika pa zithunzi zathu ndi zitatu, ndipo chachikulu ndi malo a mwana wa diso. Akakhala pakati penipeni, choyera chikuoneka pamwamba ndi pansi pake, nkhope imatuzula ngati yadzidzimuka. Akakwera n'kukhudza chikope chapamwamba, mwina kubisikako pang'ono, nkhope imadekha. Kusuntha kwa milimita imodzi kumasintha zonse. Ana a maso awiriwo akapanda kuyang'ana kumodzi, munthuyo amaoneka wamaso opingasa, ndipo pa maso aatali chonchi cholakwikacho chimakula. Tsopano tikuyamba taika timapepala tiwiri takuda todula mozungulira, kutisuntha mpaka nkhope ikhale bwino, kuika kadontho ka pensulo, kenako n'kupenta.

Chachiwiri ndi choyera cha diso. Choko wopakidwa kamodzi pamwamba pa khungu lachikasu kapena lofiira amaonetsa wapansi, diso n'kuoneka lodwala. Kupaka kawiri kumathandiza, koma burashi ikadutsa kachitatu imanyamula wofiira uja n'kupanga pinki. Njira yabwino ndi kusiya malo a diso osapentedwa kuyambira pachiyambi, kuti choko wa popentapo akhale maziko ake.

Chachitatu ndi mizere ya zikope. Wapamwamba ndi wochindikala ndipo umakokedwa kamodzi kuchokera ku mphuno kupita kunja. Wapansi ndi wowonda. Kwa wogwiritsa ntchito dzanja lamanja, diso la kumanzere kwa chithunzi limavuta chifukwa dzanja limapita chobwerera, ndipo mchira wa diso umatuluka wobuntha. Kutembenuza chithunzi mutu pansi pokoka diso limenelo kwathandiza kuposa kuumiriza dzanja. Nsidze itsate kukhota kwa chikope, mpata wake usasinthe; ikakwera kumapeto nkhope imakwiya.

Tizikumbukira kuti Roy adafika pa maso amenewa pobwereza nkhope zomwezo kwa zaka zambiri. Nyumba yake inkayenda ngati malo a amisiri a m'mudzi, mwana wake Amiya akumuthandiza, ndipo chithunzi chimodzi chinkapentedwa kambirimbiri n'kugulitsidwa pa mtengo woti mphunzitsi kapena kalaliki angakwanitse. Ena ankamunena kuti akungobwereza. Koma mzere wa chikope wotuluka bwino ulendo umodzi umafuna dzanja lomwe laukoka kosawerengeka, ndipo pa ndandanda yathu taika theka la ola la kukoka maso okhaokha pa nyuzipepala zakale tisanakhudze chithunzi chenicheni.

Zotsala

Zithunzi zinayi zafika pa mzere wakuda, ziwiri pa nsalu ndi ziwiri pa katoni. Cha pa mkeka chikudikira burashi yokulirapo. Cha mayi ndi mwana chikufuna kukonzanso kaimidwe: pa zithunzi za Roy mitu iwiriyo imalowa mu mzere umodzi wozungulira wa nsalu ya mayi, ndipo pa chathu mwana akuoneka ngati womatidwa pambali. Tidzayamba ndi mzere wa nsaluwo, mitu ibwere pambuyo.

Tikuyesanso choyera cha dzira ngati chomatira cha mwaye. Timachipuntha mpaka chichite thovu, kuchisiya usiku, n'kutenga madzi otsika pansi. Mzere wake ukuoneka wakuda kwambiri ndipo sunyamuka msanga ukakhudzidwa ndi madzi, koma ukuwala pang'ono pambali pa mitundu yosawala ya bwemba, ndiye tiona ngati kuwonjezera madzi theka kungathetse zimenezo.

Timapepala toyesera mitundu yonse tadula pakati: theka lili pawindo, theka lili m'kabati, kuti tione womwe usuluke. Vanishi sitipaka, chifukwa amadetsa choko ndi kuwalitsa dothi. M'malo mwake zithunzi zidzalowa m'mafelemu a galasi okhala ndi kampata ka mamilimita asanu pakati pa galasi ndi utoto, kuti chinyezi cha nyengo ya mvula chisamatitse ziwirizi. Ufa wa wobiriwira ndi wofiira wowala ukafika, tidzauyesa kaye ndi thonje pa katoni, kenako tidzadzaza m'mphepete mwa nsalu ndi kadontho ka pachipumi pa zithunzi zinayi zija.